Laputopu ya kaunjika yoikidwa Windows wakale ikuwonongetsa kaundula wa alimi

Nyengo ino yogulitsa mbewu ndaona alembi ndi asungichuma a makalabu a alimi kuno ku Mzuzu akugula malaputopu a kaunjika, zomwe sizolakwika. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi chakuti ambiri mwa amene ndawayendera ku Chibavi, ku Luwinga ndi ku Zolozolo akumapereka makinawo kwa amisiri kuti awaikire Windows 7 kapena Windows 10 wopanda laisensi, ndipo akafika kunyumba akumazimitsa ma update (zokonza zimene Microsoft imatumiza kudzera pa intaneti) poopa kuti bandulo iwathera.

Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 mu Januwale 2020, ndipo pa 14 Okutobala 2025 inathetsanso chisamaliro cha masiku onse cha Windows 10. Izi zikutanthauza kuti mipata imene mbava za pa intaneti zikupeza m'makina otere sikutsekedwanso, chonsecho m'makina omwewo ndi momwe mukusunga maina a mamembala, manambala awo a Mpamba ndi Airtel Money, komanso ngongole za feteleza. Kuwonjezera apo, Windows wopanda laisensi amaikidwa ndi timapulogalamu tothyolera loko, ndipo amisiri ena amayamba azimitsa antivayirasi kuti timeneti tigwire ntchito. Ndatopa nako kumva yankho lakuti "tinazolowera Windows 7", ngati kuti chizolowezi chingabweze kaundula akatayika.

Bambo wina woweta ng'ombe zamkaka, yemwe ndi msungichuma wa gulu lawo, anapita ndi fulashi kukasindikiza mapepala m'tauni. Atabwerako n'kuilowetsa mu laputopu yake, vayirasi imene inabwera ndi fulashiyo inachititsa kuti mafoda onse asanduke ma shortcut, tizizindikiro chabe topanda mafayilo m'kati, ndipo mmisiri amene anathamangirako anangofufuta zonse n'kuikanso Windows 7 yemweyo. Malita a mkaka amene membala aliyense anapereka anayenera kuwafufuzanso m'makope akale, ndipo pamsonkhano ena anayamba kumukayikira bamboyo kuti wadya ndalama, pomwe sanatenge ngakhale tambala.

Musanagule, funsani ngati makinawo angalandire Windows 11, amene mwa zina amafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0 ndi memore (RAM) yosachepera 4GB. Ngati sangathe, uzani mmisiri akuikireni Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows, yomwe ndi yaulere, maonekedwe ake sasiyana kwambiri ndi a Windows, ndipo imabwera kale ndi Firefox yolowera pa intaneti komanso LibreOffice yotsegulira mafayilo a Word ndi Excel. Ma update asazimitsidwe, ndipo kaundula wa gulu azikopedwanso pa fulashi yachiwiri imene sipita kosindikizira mapepala.