Momwe mungadyetsere mwana wosadya nyama amene akuchira ku matenda okana chakudya

Mwana wanga wamkazi anali ndi zaka 15 pamene tinazindikira kuti kuonda kwake si kwa sukulu. Achibale ena ankati ndi kachilombo, ena ankati amulodza. Adokotala anatiuza kuti ndi anorexia nervosa, matenda a m'maganizo amene munthu amaopa kunenepa mpaka kudzimana chakudya. Ife ndi a mpingo wa Seventh Day ndipo nyama tinasiya iye asanabadwe, choncho tinayenera kumubweza m'thupi popanda nkhuku kapena usipa. Zimatheka, ndipo umu ndi momwe tinachitira.

Choyamba, dzifunseni kuti mwanayo anasiya nyama liti. Ngati anasiya nyama matendawa atayamba kale, kawirikawiri amakhala matendawo akufuna chifukwa chokanira mbale, ndipo muwauze adokotala zimenezo. Wanga sanadyepo nyama, koma atadwala anayamba kukana mazira, mkaka ndi mafuta ophikira, akuti akufuna kudya zoyera. Pamenepo sindinalole. Zimene ankadya ali bwino zinabwerera pa mbale zonse.

Chachiwiri, musawonjezere chakudya musanapite kuchipatala. Apa ndi pamene ndinatsala pang'ono kutaya mwana. Tsiku limene anavomera kudya, ine ndi agogo ake tinasangalala kwambiri. M'mawa phala la shuga wambiri, masana nsima mitanda itatu, madzulo mpunga, pakati thobwa ndi mandasi. Tsiku lachinayi ndinamupeza atakhala pakhonde, mapazi atatupa moti patapata sankalowa. Anagwira dzanja langa n'kuliika pachifuwa pake, "Amayi, tamvani mmene ukugundira." Poimirira miyendo inakana.

Kuchipatala anamuyeza magazi n'kumugoneka. Anatifotokozera kuti thupi limene lakhala ndi njala nthawi yaitali likalandira chakudya chambiri mwadzidzidzi, makamaka cha shuga ndi ufa, mchere wa m'magazi wotchedwa phosphate, potassium ndi magnesium umatsika kwambiri, ndipo mtima ukhoza kuima. Iwo amati refeeding syndrome, ndipo ngoziyi imakhala yaikulu m'masiku oyambirira. Ndiye muyambe ndi kuyezetsa magazi, mtima ndi BP, ndipo adokotala ndi amene anene mlingo woyambira ndi mowonjezera. Mukaona kutupa, kufooka, kusokonezeka mutu kapena mtima kuthamanga, musadikire kuti kuche. Pemphaninso kuti akutumizeni kwa a zamaganizo. Ku Zomba Mental Hospital ndi ku St John of God, ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, alipo. Chakudya chokha sichichotsa mantha amene ali m'mutu mwa mwanayo.

Chachitatu, adokotala akalola, ikani nthawi: chakudya chachikulu katatu, chotolatola katatu, osadutsa maola atatu m'mimba mulibe kanthu. Wophika ndi wopakula ndi inu. Musamufunse kuti ndikuikire yochuluka bwanji, chifukwa amene ayankhe ndi matendawo.

Vuto la chakudya chopanda nyama ndi lakuti chimadzaza mimba msanga, chikhalirecho mimba ya wodwalayu imagaya pang'onopang'ono. Mbale yodzaza ndi nkhwani ndi kabichi imamukhutitsa popanda kumupatsa mphamvu. Masamba achepe, ndipo akhale otendera. Mu Likuni Phala thiranimo nsinjiro, mkaka ndi supuni ya mafuta. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi soya pieces muzisinthasintha, zokazingira bwino. Pa zotolatola, chiponde pa buledi, peyala, nthochi, futali, chambiko. Dzira limodzi lili ndi pafupifupi magalamu 6 a zomanga thupi. Mazira akwera mtengo, koma kugula thileyi yonse kwa woweta kumapepukirapo kusiyana ndi limodzilimodzi pa okala.

Mtedza muzisankha nokha n'kusinja pakhomo. Nsinjiro zina za m'timapepala pamsika amasinjira kumodzi ndi mtedza wachuku, umene uli ndi poizoni wowononga chiwindi. Mkaka wa pa njinga ena amathira madzi, ndipo muziuwiritsa nthawi zonse. Amene amagulitsa mapiritsi ndi manyuchi onenepetsa pa Facebook ndi WhatsApp muwathawe. Mayi wina anandilondola mpaka kunyumba ndi botolo lopanda dzina. Chiponde cha kuchipatala chogulitsidwa mobisa musagule, n'cha ana onyentchera.

Chachinayi ndi magazi. Vitamini B12 sapezeka mu nyemba kapena masamba, amapezeka mu mazira ndi mkaka, ndipo ngati akuchepa adokotala apereka mapiritsi kapena jakisoni. Ayironi wa mu nyemba ndi bonongwe amalowa bwino m'thupi mukaphatikiza ndi malambe, gwafa kapena lalanje. Tiyi amatsekereza ayironi kulowa m'thupi, ndiye amwe patapita ola atadya.

Zotsalazo n'zachidule. Idyani naye limodzi, chakudya chimodzimodzi. Akamaliza khalani naye ola lathunthu, asathamangire kuchimbudzi kukadzisanzitsa. Sikelo ichoke m'nyumba, ayezedwe kuchipatala kokha. Netiboli idikire kaye. Alendo muwauziretu pageti kuti mawu akuti "wanenepatu" asatuluke, ngakhale kwathu kuno ndi oyamikira. Wanga atawamva kwa azakhali ake anakana chakudya masiku awiri.