Kulipira IVF ku America ndi ndalama za HSA kapena FSA

Ulendo umodzi wa IVF (njira yothandiza kubereka imene madokotala amakumanitsa dzira ndi umuna kunja kwa thupi) ku America umatha kupitirira $15,000 mukaphatikiza mankhwala obaya. HSA (Health Savings Account) ndi FSA (Flexible Spending Account), zomwe ndi maakaunti osungiramo ndalama za kuchipatala, sizitsitsa mtengowu, koma ndalama zimene mwaikamo boma la federal silizidula msonkho. IRS, bungwe lotolera msonkho ku America, imalola kugwiritsa ntchito ndalamazi kulipirira IVF, zoyeza, mankhwala olembedwa ndi dokotala, kusungitsa mazira kapena umuna kwa kanthawi, ngakhalenso opaleshoni yotsegula njira yoberekera imene inatsekedwa kale. Zolipira mayi wina woti akunyamulireni mimba sizilowamo.

Anthu ambiri amapunthwa pa masiku. HSA imalipira chithandizo chokhacho chimene mwalandira akaunti itatsegulidwa kale, choncho itseguleni musanaponde kuchipatala. Kuti muziikamo ndalama, inshuwalansi yanu ya zaumoyo iyenera kukhala ya HDHP, imene mumayamba mwalipira nokha ndalama zochuluka iyo isanayambe kukulipirirani. M'chaka cha 2026 malire a ndalama zoikamo ndi $4,400 kwa munthu mmodzi ndi $8,750 kwa banja. Mumatapa zomwe zilimo basi, koma ndalamazo sizipsa chaka chikatha, ndipo mukasintha ntchito mumapita nazo. Ubwino wina ngwakuti mutha kulipira chipatala lero ndi ndalama za m'thumba n'kudzadzibwezera patapita zaka, bola malisiti alipo. Amene ali ku California ndi New Jersey adziwe kuti maboma amenewa amadulabe msonkho wawo pa HSA.

FSA imachokera kuntchito ndipo imayenda mosiyana. Mukasankha $3,400, omwe ndi malire a 2026, ndalama yonseyo mutha kuigwiritsa ntchito tsiku loyamba la chaka cha pulani, ngakhale kumalipiro asanadule kanthu. Ngati nonse awiri muli pantchito zopereka FSA, aliyense atsegule yake, zikwana $6,800. Zotsala pakutha pa chaka zimapita, pokhapokha kampani ikamalola kuwolotsera chaka chotsatira mpaka $680 kapena kuwonjezera miyezi iwiri ndi theka. FSA imayang'ana tsiku limene chithandizo chachitika, tsiku lolipira ilibe nalo ntchito. Mukalipiriratu maulendo atatu mu December, pomwe mazira akawachotsa mu February, pempho lanu akhoza kulikana. Uzani a maakaunti kuchipatala akupatseni lisiti losonyeza chithandizo chilichonse, tsiku lake ndi mtengo wake.

Musaphatikize ziwirizi mwachisawawa. FSA wamba, ngakhale ikhale ya mkazi kapena mwamuna wanu, imakulepheretsani kuika ndalama mu HSA. Mwa zololedwa muli FSA yolipira mano ndi maso okha, imene pa IVF sithandiza.

Ena amasankha kukachitira IVF ku Johannesburg kapena Cape Town. HSA imalola chithandizo chovomerezeka cholandirira kunja, pamodzi ndi ulendo ngati cholinga chake chachikulu ndi chipatala, ndi malo ogona osapitirira $50 pa usiku munthu mmodzi. Khadi la HSA limatha kukana kunja, ndiye lipirani ndi lina, musunge lisiti ndi mtengo wa dola wa tsikulo. Mankhwala ogulira komweko agwiritsireni ntchito komweko.

Kulipirira mchemwali kapena mlamu wa ku Lilongwe ndi ndalama zimenezi n'kosaloledwa. Ndi za inu, mkazi kapena mwamuna wanu, ndi amene malamulo a msonkho amawawerenga kuti mumawasamalira. Mukatapa molakwika mu HSA musanakwane zaka 65, mulipira msonkho ndi chindapusa cha 20 peresenti, ndipo zonsezi zimalembedwa pa Form 8889, fomu ya msonkho ya HSA.