Musanakhulupirire zigawo za nthaka zomwe kompyuta yakujambulirani

Anzanga amene mukuwerengera dothi lokumba pa ntchito za misewu ndi maziko kuno ku Mangochi, polowetsa mabowo ofufuzira nthaka mu Civil 3D (pulogalamu ya pakompyuta yojambulira misewu ndi nthaka) kapena pulogalamu ina, yambani mwaona ma coordinate, manambala osonyeza malo pamapu. Boma lathu lili m'dera la mapu lotchedwa UTM zone 36S, koma mapu akale a Malawi ali pa muyeso wa Arc 1950 pomwe GPS imapereka muyeso wa WGS84. Mukasakaniza ziwirizi, bowo limasuntha mamita ambirimbiri, ndipo kompyuta sikuchenjezani.

Pa bowo lililonse lembani msinkhu wa pakamwa pake, kenako kuya komwe chigawo chilichonse cha nthaka (monga mchenga, dongo kapena thanthwe) chayambira ndi pomwe chathera. Kuya ndi msinkhu n'zosiyana. Nyanja yathu ya Malawi ili pafupifupi mamita 474 pamwamba pa nyanja zamchere, ndiye mukaona thanthwe la kugombe likuonetsa mamita 6, dziwani kuti mwaika kuya m'malo mwa msinkhu. Maina akhalenso amodzi: "Sand" ndi "SND" pulogalamu iziyesa zigawo ziwiri.

Pomwe ambiri amagwa m'mbuna ndi apa. Pulogalamu imangolumikiza mabowo ndi mizere yowongoka. M'mphepete mwa Shire ndi Malombe, mchenga ndi makande zimasinthana pamtunda waufupi, ndipo dongo lopezeka m'bowo limodzi lingathere panjira osafika pa linzake. Jambulani nokha pomwe lathera, apo ayi lifalikira malo onse. Kumapiri a ku Namwera nako thanthwe limakwera n'kutsika mosayembekezeka, choncho dulani ma section (zithunzi zoonetsa mkati mwa nthaka ngati yadulidwa) muyang'ane ndi maso.

Msinkhu wa madzi apansi muzilemba ndi tsiku lake. Wa mu Okutobala sungakuthandizeni pokumba mu Febuluwale.