Kuchepetsa Kukankha kwa Mphepo pa Galimoto Kuti Mafuta Asamathe Msanga

Eni galimoto ambiri mu Blantyre akaona kuti mafuta akutha msanga amathamangira kwa makaniko kukaonetsa injini, koma amaiwala kuti galimoto ikamathamanga imalimbana ndi mphepo, ndipo kulimbanako kumadya mafuta. Mukawonjezera liwiro kuchoka pa makilomita 50 kufika pa 100 pa ola, mphamvu imene mphepo imakankhira galimoto m'mbuyo imakula kanayi. N'chifukwa chake malangizowa sangapindulire kwenikweni munthu amene amangoyenda pakati pa Limbe ndi Ginnery Corner pomwe magalimoto amathithikana, koma amene amayenda kawirikawiri ulendo wa ku Zomba, ku Mwanza kapena ku Lilongwe kudzera pa Zalewa.

Yambani ndi kuchotsa musanaganize zowonjezera kanthu. Kaliyala ya padenga imene mumanyamulira matumba a chimanga nthawi yokolola yokha isamakhale pamenepo chaka chonse, chifukwa ngakhale ilibe katundu imasokoneza mphepo, ndipo mluzu umene mumamva mukathamanga ndi umboni wake.

Kenako gwadani pansi musuzumire kunsi kwa injini. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amabwera ndi chipepala cha pulasitiki chimene chimatseka kunsiko kuti mphepo idutse mosalala, koma mahampu ndi maenje a m'misewu yathu amaching'amba, kenako amakaniko ena akachimasula posintha oyilo sachibwezeranso. Nthawi zambiri mudzachipeza chikulendewera ndi bawuti imodzi kapena chomangidwa ndi waya, pakamwa pake patayang'ana kutsogolo n'kumakapa mphepo ngati fosholo. Chimangeni bwino ndi mabawuti ake onse, ndipo ngati chinatayika, funani china kwa ogulitsa zida zamagalimoto, n'kuonetsetsa kuti sichikukhudza ekizozi chifukwa chikhoza kusungunuka. Bampala yolekana ndi thupi la galimoto muikonzenso tsiku lomwelo.

Amene muli ndi mapikapu, chitseko chakumbuyo chizikhala chotseka, ndipo lona wokunga bwino pamwamba pa bodi amathandiza kuposa wongokupiza.

Zimapiko zimene achinyamata amamata kumbuyo kwa Vitz kapena Passo ine sindizilimbikitsa, pakuti zambiri ndi zokongoletsa chabe, ndipo zikaikidwa molakwika zimangowonjezera vuto lomwe tikufuna kuchepetsa. Choopsa koposa ndi kutseka mipata ya kutsogolo kumene rediyeta imapumira. M'mayiko ozizira ena amachita zimenezi, koma kuno galimoto yokwera chitunda kuchokera ku Chikwawa mwezi wa Okutobala ikhoza kuwiritsa madzi n'kuwononga injini.

Kuti mudziwe ngati zimene mwasintha zathandiza, dzazani thanki, lembani makilomita, yendani ulendo womwe munayenda musanasinthe kanthu, paliwiro lofanana, mawindo ali otseka ndiponso matayala ali ndi mpweya wokwanira, kenako dzazaninso thanki n'kuyerekeza malita amene alowa ndi a ulendo wapitawo.