Kuthetsa banja kukhoti popanda loya mukakhala kumudzi

Lamulo silikakamiza munthu kukhala ndi loya kuti akathetse banja, ndipo m'makhoti a majisitireti a m'maboma anthu ambiri amadziyankhulira okha. Chimene chimagwetsa mlandu kawirikawiri ndi kugogoda pakhoti lolakwika, samani kusafika m'manja mwa mwini wake, kapena kutuluka m'khoti banja litatha koma za ana ndi katundu zisanagamulidwe.

Yambani ndi kudziwa mtundu wa ukwati wanu, chifukwa ndi umene umanena khoti loti mupiteko. Lamulo la 2015 la maukwati, kutha kwa banja ndi ubale wa pabanja limavomereza mitundu inayi: ukwati wolembetsa kuboma, wa chikhalidwe, wa chipembedzo, ndi wongolowana umene anthu akuudziwa kuti ndi banja. Wa chikhalidwe, uja wa chinkhoswe kapena malowolo, umathera kwa majisitireti. Wolembetsa kwa DC kapena kwa mlembi wa maukwati umathera ku High Court, kutanthauza ulendo wa ku Blantyre, Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu, ndiponso mapepala olembedwa m'Chingerezi motsata ndondomeko yake. Apa musalimbe mutu nokha: pitani ku Legal Aid Bureau, imene imathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya. Ngati munapanga chinkhoswe kenako n'kudalitsa kutchalitchi kapena kumzikiti, tengani setifiketi yeniyeniyo mukamuonetse kalaliki wa khoti musanalipire kanthu. Chaka chimene munakwatirana muchitchulenso, pakuti maukwati ena a 2015 isanafike amaweruzidwabe ndi malamulo akale. Khoti lopanda mphamvu pa ukwati wanu likagamula, chigamulocho chitha kufafanizidwa pa apilo, inu n'kuyambiranso pachiyambi.

Ongolowana ali ndi phiri lina: khoti liyambe lavomereza kuti panali banja. Limayang'ana ngati munakhalira limodzi zaka zosachepera 5, ngati munkadalirana pa chuma, ngati muli ndi ana, ndi m'mene anthu ankakuonerani. Mboni zochokera m'mudzi ndi mfumu zimathandiza pamenepa.

Musanapite kukhoti, dzerani kwa ankhoswe. Pa ukwati wa chikhalidwe funso loyamba la majisitireti limakhala lakuti, "Ankhoswe anu nkhaniyi akuidziwa?" Iwo ndiwo mboni kuti ukwati unalipo, ndiponso kuti munayesa kukonza zinthu koma zinakanika. Lembani m'kope masiku amene munakhala pansi, amene analipo ndi zimene munagwirizana. Ankhoswe a mbali inayo akamazemba, pitani kwa amfumu akulembereni kalata yonena kuti anaitanidwa koma sanabwere. Dziwani kuti kalata ya amfumu kapena ya mpingo ndi umboni chabe, si chisudzulo cha lamulo. Anthu ena amapatukana zaka khumi atangotengerana kalata yotere, nkhani n'kudzavuka tsiku la maliro pogawa chuma cha masiye. Pamene pali nkhanza zoopseza moyo musadikire ankhoswe: pitani ku Victim Support Unit kupolisi, ndipo khoti litha kupereka chiletso chokutetezani pansi pa lamulo la 2006 loletsa nkhanza za m'banja, ngakhale mlandu wa chisudzulo usanayambe.

Chimene khoti likufuna kumva n'chakuti banjalo lasweka moti silingabwererenso. Zizindikiro zimene lamulo limatchula ndi monga chigololo chimene chakuchititsani kuti musathe kukhalanso ndi mnzanuyo, nkhanza, kuthawidwa popanda chifukwa kwa chaka chathunthu chosadukiza, ndi matenda a misala osachiritsika amene munthu wakhala akulandira nawo chithandizo zaka zosachepera ziwiri. Mawu akuti "amandizunza" paokha salemera. Nenani mwezi, malo, chimene chinachitika ndi amene anaona. Buku la kuchipatala, lipoti la kupolisi, mauthenga a pafoni ndi zithunzi za mabala ndizo zimayankhula. Mauthengawo musindikize papepala, koma foniyo mupite nayonso. Ngati chigololo chinachitika kalekale inu n'kukhululuka, n'kubereka mwana wina pambuyo pake, yembekezerani kufunsidwa chimene chasintha tsopano.

Tsiku lokatsegula mlandu nyamukani m'mawa. Tengani chiphaso cha unzika, setifiketi ya ukwati ngati ilipo, makadi a kusikelo kapena zikalata za kubadwa kwa ana, ndi mndandanda wa katundu. Pepala lililonse likhale ndi makope atatu: la khoti, la mnzanuyo ndi lanu. Mapepala enieni musawasiye kwa munthu aliyense. Kalaliki adzalemba dandaulo lanu ndi kutulutsa samani. Pali ndalama yolembetsera mlandu. Lipirani kuofesi yolandirira ndalama ndipo mutenge lisiti ya boma. Wina akakupezani pakhonde n'kunena kuti akufulumizitsirani zinthu mukamupatsa ya fanta, ameneyo ndi dobadoba. Musanachoke, lembani nambala ya mlandu ndi tsiku lodzabweranso. Popanda nambalayo, kufufuza failo yanu kumakhala ngati kusaka singano mumchenga.

Pa dandaulolo onetsetsani kuti zonse zimene mukufuna zalembedwa: kutha kwa banja, amene azikhala ndi ana, chithandizo cha ana mwezi ndi mwezi, chithandizo chanu, kugawa katundu, ndi nyumba. Pempho limene silinatchulidwe limatha kudumphidwa, ndipo kulibweretsa pambuyo n'kuwononga thiransipoti kawiri.

Nkhani ya samani ndiyo imachedwetsa milandu ya kumudzi kuposa china chilichonse. Khoti silingamve mbali imodzi lisanatsimikize kuti winayo anadziwitsidwa. Mesenjala wa khoti sadziwa kwanu, choncho mupatseni dzina la mudzi, gulupu, T/A, dzina limene munthuyo amadziwika nalo pamudzi, nambala ya foni, ndi chizindikiro monga chigayo kapena mjigo. Samani ikasiyidwa kwa mwana wa oyandikana nawo nyumba, mnzanuyo adzangoti sanailandire, mlandu n'kuimitsidwa. Patatsala sabata kuti tsiku lifike, funsani kalaliki ngati umboni woti samani inaperekedwa uli m'failo. Ngati mwamuna kapena mkazi ali ku Joni kapena sakudziwika kumene ali, uzani khoti poyera ndipo mupemphe chilolezo chomudziwitsa mwa njira ina. Musangotumiza nokha pa WhatsApp n'kumaganiza kuti zatha. Njirayo iyambe yavomerezedwa ndi khoti. Akadziwitsidwa bwino koma osabwera, pemphani kuti mlandu upitirire iye kulibe.

M'khoti mutha kuyankhula Chichewa kapena chiyankhulo china cha kwanu, womasulira alipo. Mudzalumbira, mudzafotokoza mbali yanu, ndipo mnzanuyo adzakufunsani mafunso. Kenako inunso mudzamufunsa. Ambiri amataya mwayi umenewu poyamba kulalata. Konzani mafunso anayi kapena asanu aafupi, ofuna yankho lakuti inde kapena ayi: "Kodi si zoona kuti munachoka pakhomo mu Meyi chaka chatha?" Yankhulani pang'onopang'ono chifukwa majisitireti amalemba. Mboni zanu muzinyamule nokha pa tsikulo, ndipo inu musajombe, chifukwa wodandaula akapanda kuoneka mlandu utha kuchotsedwa.

Pa za ana, khoti limatsata ubwino wa mwanayo, osati mwambo wokha wa chikamwini kapena wakuti ng'ombe zinaperekedwa. Pitani ndi masamu olembedwa: fizi pa teremu, yunifomu, ufa, sopo, ndalama ya kuchipatala. Onetsaninso m'mene mnzanuyo amapezera ndalama, kaya ndi malipiro, kabaza, grosale kapena fodya. Kwa mlimi amene amagwira ndalama kamodzi pachaka, n'kwanzeru kupempha kuti gawo lina liperekedwe pokolola, ngakhale matumba a chimanga otchulidwa chiwerengero, m'malo mwa ndalama ya pamwezi imene sadzaikwanitsa.

Katundu ndiye amautsa mapiri pachigwa. Ndime 24 ya malamulo aakulu a dziko imapatsa mayi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri banja likatha, ndipo lamulo la 2015 limawerengera ntchito za pakhomo monga kulera ana, kuphika ndi kulima ngati gawo limene munthu anasonkha. Choncho mawu akuti "ndinagula ndi ndalama zanga" sathetsa nkhani. Pa chinthu chilichonse lembani chaka chimene chinagulidwa, mtengo wake, ndi kumene chili lero: malata, njinga yamoto, mbuzi, makina osokera, masheya a ku banki mkhonde, ngakhalenso ngongole. Jambulani zithunzi msanga, poti ziweto zimakonda "kusowa" samani ikangofika. Kumadera a chikamwini makhoti akhala akulamula mwamuna kumangira mkazi nyumba kwawo kapena kupereka ndalama yake, koma muyenera kutchula mwambowo ndipo ankhoswe auchitire umboni. Majisitireti ali ndi malire pa kuchuluka kwa ndalama zimene angagamule ndiponso pa mikangano ya umwini wa malo, motero musadabwe banja litathera pompo koma nkhani ya nyumba ya m'tauni n'kutumizidwa ku High Court.

Chigamulo chikaperekedwa, pemphani kope lolembedwa, losainidwa ndi lodindidwa, ndipo wina akuwerengereni musanachoke kuti muone ngati ndalama, masiku ndi mayina zalembedwa molondola. Ngati pepalalo lalembedwa kuti decree nisi, banja silinatheretu. Mudzabwererenso kukapempha decree absolute, pepala lothetseratu banja, nthawi yake ikakwana, ndipo musakwatire kapena kukwatiwa pakatipo. Wosakhutira ndi chigamulo cha majisitireti achite apilo ku High Court mwachangu, pakuti masiku ake ndi owerengeka. Funsani tsiku lomaliza pomwepo. Ndalama za ana zizidzera kukhoti kapena pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni. Wolamulidwa kupereka ndalamayo akaphonya mwezi, bwererani kwa kalaliki ndi nambala ya mlandu ndi kope la chigamulo, mupemphe kuti aitanidwe adzafotokoze. Ngati ali pantchito yolembedwa, pemphani kuti ndalamayo izidulidwa kumalipiro ake.