Pudini ya chinanazi yokana kulimba

Pudini yanga inkagona mufiriji usiku wonse, m'mawa n'kupezeka ili madzimadzi, mkaka utayamba kuwawa. Vuto linali chinanazi chosaphika chija timagula mumsika wa Mzuzu. Chili ndi mankhwala achilengedwe otchedwa bromelain, omwe amaphwanya jelatini (ufa wolimbitsa pudini) ndi mkaka womwe, ndiye kuonjezera jelatini n'kungotaya ndalama.

Kuti pudini ilimbe, yambani mwaphika chinanazi kuti bromelain ithe mphamvu. Dulani chinanazi tizidutswa tokwana makapu 2, muwiritse ndi madzi ake omwe ndi shuga masipuni 4 kwa mphindi 10. Chizizire. Viikani jelatini timasipuni ta tiyi 4 m'madzi ozizira pang'ono kwa mphindi 5, musungunule pamoto wochepa osabwatitsa. Sakanizani ndi kasitadi wofunda makapu 2, kenako chinanazi. Ikani mufiriji maola 4, ndipo magetsi akathima musamatseguletsegule. Chinanazi cha m'chitini sichifuna kuwiritsa, chinaphikidwa kale.