Momwe mungaikire dikoda ya mawu m'kasitima ka malasha ndi kusankha wezulo yoyenera

Njanji inafika ku Mchinji sitima za malasha zitapuma kale, ndipo pomwe inkalumikizidwa ndi Chipata mu 2010 zonse zinali za dizilo. N'chifukwa chake ambiri kuno sanamvepo kulira kwa wezulo ya nthunzi. Tisitima tachifaniziro toyendera magetsi pathebulo tingakumvetseni kulirako, mukangotiika dikoda ya mawu. Apa tikunena za tisitima ta masaizi otchedwa HO (1:87, ndiye kuti tochepa maulendo 87 poyerekeza ndi sitima yeniyeni) ndi OO (1:76), toyenda panjanji ya mamilimita 16.5 m'lifupi.

Dikoda ndi kabolodi komwe kamamva malamulo a DCC (njira ya dijito yolamulira tisitima) odzera m'njanji kuchokera ku chowongolera chanu, n'kumayendetsa mota, nyale ndi sipika. Zodziwika ndi LokSound 5 ya ESU, Tsunami2 ya SoundTraxx ndi TTS ya Hornby. Musanaitanitse, tsegulani kasitimako muone soketi yake: ilipo ya mapini 8, ya mapini 21, Next18 ndi PluX22, ndipo sizilowana. Pa sitima za malasha soketi imapezeka kawirikawiri m'ngolo ya malasha yakumbuyo. Yezaninso malo ndi rula, poti sipika imafuna malo akeake.

Mufunika chowotcherera cha nsonga yosongoka cha mawati 25 mpaka 40, solda yopyapyala, mita yoyezera magetsi ndi tepi ya Kapton. Ngati dzanja lanu silinazolowere, okonza mafoni pa Boma kapena pa Kamwendo amawotcherera timawaya toonda kuposa iti tsiku ndi tsiku. Adaputala ya magetsi yaku America muiwerenge kaye: ina ndi ya 120V basi, pomwe magetsi athu ndi 230V.

Choyamba, yendetsani kasitimako pa DC wamba (magetsi opanda malamulo a DCC) kwa theka la ola chakutsogolo ndi theka la ola chakumbuyo. Kakamadodoma, konzani zimenezo kaye. Dikoda sichiza mota wodwala. Yezani mphamvu yomwe mota amakoka mukagwira mawilo kwa sekondi imodzi kapena ziwiri. Mwa madikoda a Tsunami2, TSU-1100 imapirira ampeya imodzi (1A), TSU-2200 imapirira 2A, ndipo mota wakale wokoka kuposa apo amaitentha.

Ngati soketi ilipo, zulani kapulagi kotsekera, lowetsani dikoda. Pa ya mapini 8, pini 1 ndi ya waya wa olenji. Mukaitembenuza siipsa, koma sitima imayenda chobwerera ndipo nyale siziyaka bwino.

Popanda soketi ndi pomwe pali ntchito. Dulani kulumikizana konse pakati pa mota ndi mawilo. Tisitima tambiri takale timadutsitsa magetsi m'chitsulo cha thupi lake mpaka ku bulashi (kolowetsa magetsi m'mota) imodzi, ndipo apa ndi pomwe madikoda ambiri amafera. Ikani mita pa malo oliza, gwirizitsani mbali iliyonse ya mota ndi wilo lililonse komanso chitsulo cha thupi. Ikangolira, musapitirire. Kukakhala zii, wotchererani motere: wofiira ku mawilo a kumanja, wakuda a kumanzere, wa olenji ndi wotuwa ku mota, woyera ku nyale yakutsogolo, wachikasu ku yakumbuyo, ndipo wabuluu ndi wa nyale zonse. Nyale iliyonse ya LED ifunika resistor (kochepetsa mphamvu ya magetsi) ya 1,000 ohm. Dikoda musaikulunge ndi tepi yakuda ya magetsi. Imatentha ndipo imafuna mpweya.

Tsopano sipika, yomwe kwa ife ndiyo mwini nkhani. Mawaya ake ndi abulauni pa ESU, apepo pa SoundTraxx, ndipo asakhudze china chilichonse ngakhale kamphindi, apo ayi chokuzira mawu chapsa. Tsunami2 ndi TTS zimafuna sipika ya 8 ohm. LokSound 5 imalola kuyambira 4 ohm. Sipika imakankha mpweya kutsogolo kwinaku ikukoka kumbuyo, ndiye ikakhala pamtunda mafunde awiriwo amakumana n'kuzimitsana. Wezulo imamveka ngati udzudzu. Mankhwala ake ndi kabokosi kotseka mbali imodzi ya sipika, komatidwa kuzungulira konse popanda kampata. Kabokosi kakakula, mawu amakhala ndi besi. Kasipika kotchipa kotsekedwa bwino kamaposa yodula yongoponyedwa m'ngolo. Mawu atulukire pansi pa ngolo kapena pa timabowo ta milimita imodzi toboola pa mulu wa malasha apulasitiki.

Yesani kaye panjanji ya pulogalamu, kanjanji kapadera kosinthirapo zam'dikoda, komwe magetsi ake ndi ochepa. Werengani CV1 (ma CV ndi manambala osungidwa m'dikoda omwe mumawerenga ndi kusintha ndi chowongolera, ndipo CV1 ndi adiresi ya kasitima): dikoda yatsopano imayankha 3. Ikayankha, pitani panjanji yaikulu.

Nanga wezulo iti? Ilipo ya liwu limodzi, yoonda ndi yakuthwa, monga za sitima zambiri za ku Britain. Ilipo ya mawu atatu, asanu kapena asanu ndi limodzi olira pamodzi ngati kwaya, yomwe inkamveka kwambiri ku America. Sitima za A4 za kampani yakale ya njanji yaku Britain ya LNER nazo zinali ndi yotere. Palinso yabesi ya sitima za Stanier za LMS, kampani inanso yakale ya komweko. Sankhani yogwirizana ndi sitima yomwe kanu kakufanizira. Kasitima kakang'ono kokankha mabogi pa siteshoni kakamalira ngati chimphona cha kampani yaku America ya Union Pacific, odziwa amamva msanga kuti china chalakwika. Pa Tsunami2 wezulo imasankhidwa pa CV120. Sinthani nambala imodziimodzi mukumvetsera. Pa chowongolera, batani la F2 ndi wezulo yaitali, F3 yaifupi, F1 belu, F8 kutontholetsa. Pa LokSound 5 zimadalira fayilo ya mawu yomwe inaikidwamo: mafayilo ambiri a sitima zaku America amagwiritsa CV163, ena amaika mawezulo pa mabatani osiyana, choncho werengani pepala la fayiloyo. TTS mawu ake anaikidwiratu, mawezulo ali pa mabatani.

Kuliza nako kuli ndi tanthauzo. Mwa malamulo aku America, pofika pomwe njanji yadutsa msewu amaliza ziwiri zazitali, imodzi yaifupi, ina yaitali; zitatu zazifupi sitima itaima ndiye kuti ikubwerera m'mbuyo.

Voliyumu itsitseni. Ndi CV128 pa Tsunami2 ndi CV63 pa LokSound. Yambirani pa theka, chifukwa kasipika kakakakamizidwa wezulo imasasa mawu. Kenako linganizani kupuma kwa nthunzi ndi mawilo. Sitima ya masilinda awiri imati "tchu" kanayi wilo likazungulira kamodzi, ya atatu kasanu ndi kamodzi. Dontheza kadontho ka choko pa wilo, yendetsani pang'onopang'ono, werengani, n'kumasintha CV114 pa Tsunami2 kapena CV57 ndi CV58 pa LokSound. Mukasokoneza zonse, lembani 8 mu CV8 ndipo dikoda ibwerera mmene inachokera ku fakitale.

Mawu akamaduka n'kuyambiranso, kawirikawiri si dikoda. Ndi fumbi, makamaka la m'chilimwe, lomwe limadula magetsi pakati pa wilo ndi njanji. Pukutani zonse ndi kansalu konyowetsa ndi isopropyl alcohol. Sandipepala ayi, amasiya timizere tosunga litsiro. Vuto likapitirira pa mphambano za njanji, onjezani kosungira magetsi, PowerPack pa ESU kapena CurrentKeeper pa SoundTraxx. Mukamaliza kuyendetsa, fundikani njanji yonse ndi chitenje.